Tomato wosafota: kukwatitsa mbewu, kumezanitsa kapena kusintha majini?

Tomato wogwidwa ndi matenda ofotetsa sadwala pang'onopang'ono ngati wa chiwawu. Dzulo madzulo anali chilili pamtengo wake, maluwa ali mbuu. Lero masana masamba alendewera ngati wina wawathira madzi otentha, chonsecho akadali obiriwira. Mlimi amati ndi ludzu, n'kuthamangira kukatunga madzi. Usiku chomera chija chimadzukako pang'ono, kukacha n'kugweratu. Sabata isanathe mzere wonse wapita.

Pali kachiyeso kosalira ndalama. Dulani tsinde pafupi ndi nthaka, muviike nsonga yodulidwayo m'tambula yagalasi ya madzi oyera, ndipo musaigwedeze. Pakapita mphindi zochepa mudzaona timaulusi toyera, tonga utsi wa ndudu, tikutsika kuchokera pabala lija kupita pansi pa tambula. Amenewo ndi mabakiteriya a Ralstonia solanacearum, amene adzaza timitsempha tokweza madzi kuchoka kumizu mpaka tatsekeka. Ine kachiyeso kameneka ndinakadziwa mochedwa, nditagula kale mapaketi awiri a mankhwala a kopa kwa wogulitsa wina amene anandilonjeza kuti ndikapopera kawiri basi zonse zitheka. Sanandinamize mwadala, ndikuganiza. Naye ankangoti matenda a tomato ndi amodzi. Koma kopa amakhala pamwamba pa tsamba, pamene mdani ali m'nthaka ndi m'kati mwa tsinde.

N'chifukwa chake akatswiri ambiri anasiya kuyang'ana m'botolo la mankhwala n'kuyamba kuyang'ana m'chomera chenichenicho. Njira zake zilipo zingapo, ndipo sizifanana mtengo, liwiro, ngakhale matenda amene zimalimbana nawo. Musanasankhe, dziwani kaye kuti mukulimbana ndi yani, chifukwa mabakiteriya ozunza tomato alipo anayi otchuka. Ralstonia ndi uja wofotetsa, wokhala m'nthaka ndi m'madzi othirira, amene amagwiranso mbatatesi, fodya, tsabola ndi mabiringanya. Xanthomonas amaboola masamba ndi zipatso ndi timawanga tankhanambo, makamaka kukamatentha mvula ikugwa. Pseudomonas syringae amachita timadontho takuda tating'onoting'ono ndipo amakonda nyengo yozizirira, yachinyontho. Wachinayi ndi Clavibacter michiganensis, amene amabwera ndi njere ndipo amayenda ndi mpeni wodulira nthambi. Dzina lake likuchokera ku Michigan, ku America, kumene anapezeka koyamba cha m'ma 1909.

Kukwatitsa mbewu

Iyi ndiyo njira yakale, ndipo mbewu iliyonse yopirira imene mungagule lero m'sitolo inadutsa momwemu. Tomato amene timadya ndi wosauka pa chitetezo chifukwa makolo ake ochepa okha ndiwo anatengedwa ku Mexico kupita ku Ulaya ndi kwina konse. Abale ake akutchire anatsala ku mapiri a Andes, ku Peru, Ecuador ndi Chile, ndi zida zimene iye anataya. Katswiri wina wa ku University of California ku Davis, Charles Rick, anatha zaka makumi akutolera njere za abale amenewa, ndipo nkhokwe ya njere ya kumeneko imatchedwa ndi dzina lake. Wopanga mbewu amatenga mungu wa wakutchire n'kuupaka pa duwa la tomato wakumunda, kenako ana ake amawabwezanso kwa wakumunda mibadwo ingapo, mpaka patsale chitetezo chokha popanda tizipatso tating'ono ngati nthudza.

Chipambano chodziwika kwambiri ndi jini lotchedwa Pto. Mawu akuti jini pano musawasokoneze ndi majini a kwa sing'anga. Tikunena kachigawo ka DNA, ulusi wa m'maselo wosunga chibadwa, kamene kamanyamula malangizo a khalidwe limodzi la chamoyo. Pto linachokera kwa tomato wakutchire wotchedwa Solanum pimpinellifolium, ndipo limathandiza chomera kuzindikira Pseudomonas akangolowa, n'kupha timaselo tozungulira malowo kuti mdani asowe chakudya. Mu 1993 Gregory Martin ndi Steven Tanksley pamodzi ndi anzawo ku Cornell University analipatula n'kuliwerenga, ndipo linali limodzi mwa majini oyambirira a mtundu umenewu kudziwika bwino m'zomera zonse. Linateteza minda ya tomato wa m'mafakitale kwa zaka zambiri. Kenako panabuka mtundu wina wa bakiteriya yemweyo umene Pto siliuona, ndipo m'madera ambiri umenewu ndi umene tsopano wafala.

Nkhani ya ku Florida ndi yowawa kuposa apo. Kumeneko matenda a mawanga a Xanthomonas ndi mliri wa chaka ndi chaka. Akatswiri anapeza chitetezo mu tomato wotchedwa Hawaii 7998 n'kuyamba kuchilowetsa m'mbewu zamalonda. Asanamalize, mu 1991, panatulukira mtundu watsopano wa bakiteriya umene chitetezocho sichinaugwire. Anayambanso ndi gwero lina. Cha m'ma 1998 panabweranso mtundu winanso. Wopanga mbewu amafuna zaka zambiri kuti atulutse mbewu imodzi, pamene bakiteriya amaswana kangapo patsiku. Pampikisano wotero, jini limodzi lokha ndi loko amene kiyi wake amapezeka msanga.

Pa matenda ofotetsa zinthu zinayenda mosiyanako. Gwero lodalirika ndi Hawaii 7996, tomato wa zipatso zing'onozing'ono amene palibe angapite naye kumsika. Chitetezo chake sichili m'jini limodzi. Chamwazikana m'malo angapo, akuluakulu awiri otchedwa Bwr-6 ndi Bwr-12, pa makromosomu (mitolo ya DNA ya m'selo) a nambala 6 ndi 12. Ubwino wake ndi woti bakiteriya amavutika kuthyola zonse nthawi imodzi. Kuipa kwake ndi koti pozisamutsa, zina zimatayika m'njira, ndipo zimene zafika zimakonda kukoka kuchepa kwa chipatso. Masiku ano opanga mbewu amayeza DNA ya timbande tili ndi masamba awiri kuti aone tomwe tatenga zigawo zoyenera, m'malo modikira kuti tikule, tidwale, tiwerengedwe. Ntchito yambiri yotere yachitikira ku World Vegetable Center, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1971 ku Shanhua, ku Taiwan, ndipo lili ndi nthambi ku Arusha, ku Tanzania.

Kwa mlimi wa kuno, dzina lodziwika ndi Rodade. Mbewu imeneyi inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1980 ndi cholinga chenicheni cholimbana ndi matenda ofotetsa, ndipo si ya haibulidi, choncho njere zake mukhoza kusunga. Mahaibulidi atsopano ambiri nawonso amalembedwa kuti ndi opirira. Muziwerenga paketi mosamala: zilembo Rs zikuimira Ralstonia, Pst zikuimira Pseudomonas, HR ndi chitetezo champhamvu, IR ndi chapakatikati. Pa Rs nthawi zambiri mudzapeza IR. Tanthauzo lake n'lakuti m'munda wodwala pang'ono mukolola, koma m'dimba limene lalimidwa tomato zaka zisanu zotsatizana, kotentha, mizu itabooledwa kale ndi timinyongolotsi ta m'nthaka tija timatupitsa mizu, mbewu yopirirayo ifotanso. Komanso Ralstonia si mtundu umodzi: pali magulu anayi akuluakulu, ochokera ku Asia, America, Africa ndi Indonesia, ndipo Bwr-12 imagwira bwino gulu la ku Asia. Mtundu umene umayenda ndi mbewu ya mbatatesi m'madera okwera ozizira ndi wa gulu lina. Amene amalima mbatatesi ndi tomato mosinthanitsa pamunda umodzi, monga zimachitikira ku Dedza ndi ku Ntcheu, asadalire zolembedwa papaketi asanayese mizere iwiri kapena itatu pamunda wawo womwewo.

Kumezanitsa

Apa ndi pamene ine mtima wanga uli, ndipo ndichedwapo. Ngati vuto la Hawaii 7996 ndi zipatso zosagulitsika, bwanji osangobwereka mizu yake yokha? Aliyense amene anaonapo mango kapena malalanje omezanitsa akudziwa kale ganizoli. Ku Japan ndi ku Korea anayamba kumezanitsa mavwende pa mizu ya mphonda cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo tomato anatsatira pambuyo pake.

Mumafesa mbewu ziwiri: ya mizu ndi ya zipatso. Timbande tikafika masamba enieni awiri kapena atatu, tsinde lili pafupifupi mamilimita awiri kunenepa, mumadula tonse tiwiri mopendeketsa ndi lezala latsopano. Mutu wa tomato wanu wokondedwa mumaulowetsa m'kapaipi kamphira kofewa, kapena kuugwiritsa ndi kapanira kakang'ono, n'kuukhazika pa tsinde la mbande ya mizu, mabala awiriwo atapsompsonana bwinobwino. Chinsinsi chagona pa kufanana kwa matsinde. Limodzi likanenepa kuposa linzake, timitsempha sitikumana. Kenako mbande zimalowa m'kachisakasa kapulasitiki kamthunzi, konyowa m'kati ngati bafa yotentha, kwa masiku anayi kapena asanu osatsegula kawirikawiri. Tsiku loyamba zimaoneka zakufa, mitu ili zyoli. Musakhumudwe. Pofika tsiku lachisanu zambiri zimadzuka, ndipo mumayamba kuzizoloweza kuwala ndi mphepo pang'onopang'ono kwa masiku ena angapo.

Mizu ikhoza kukhala ya tomato wopirira ngati Hawaii 7996, kapena ya biringanya. World Vegetable Center inasankha mitundu ya biringanya yotchedwa EG195 ndi EG203, imene imapirira matenda ofotetsa komanso madzi akadikha m'munda kwa masiku angapo, zomwe tomato sapirira. Biringanya amamera mochedwerapo, choncho amafesedwa masiku atatu kapena kuposerapo tomato asanafesedwe. Ena amagwiritsa ntchito m'bale wake wakutchire, Solanum torvum, amene ndi wolimba kwambiri koma njere zake zimamera mwa apo ndi apo. Ku Vietnam, m'chigawo cha Lam Dong, njirayi inafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo patatha zaka khumi pafupifupi alimi onse a tomato kumeneko anali akubzala mbande zomezanitsa. Sikuti aliyense ankadzimezanitsira. Panabuka manazale amalonda amene ntchito yawo inali yomweyi, alimi n'kumangogula.

Poyerekeza ndi mbewu yopirira ya m'paketi, kumezanitsa kumakupatsani ufulu umene wopanga mbewu sangakupatseni. Amayi a pamsika wa Lizulu kapena pa Jenda akufuna tomato wolimba khungu, wosaphwanyika m'dengu paulendo wa ku Blantyre kapena ku Mzuzu? Musunge yemweyo, musinthe mizu yokha. Chitetezo cha mizu ya biringanya kawirikawiri chimaposa cha mahaibulidi olembedwa IR. Ndipo simudikira zaka khumi. Nyengo ino yomwe mukhoza kuyesa.

Zovuta zake n'zoonekeratu. Njere mumagula kawiri, ntchito ya manja ndi yambiri, ndipo wophunzira amataya mbande zochuluka asanazolowere. Njere za mizu sizipezeka m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Mizu yopirira siteteza masamba: mawanga a Xanthomonas ndi madontho a Pseudomonas adzabwera monga kale. Lezala limodzi likadutsa pa mbande ya Clavibacter limadwalitsa nazale yonse, choncho liyenera kutsukidwa ndi mankhwala ophera tizilombo pafupipafupi. Koma cholakwa chimene chimapweteka kwambiri n'chochokera ku chizolowezi chathu chabwino: timakonda kubzala tomato mozama ndi kuundira dothi kutsinde. Pa mbande yomezanitsa, dothi likafika pamfundo yolumikizira, mutu uja umatulutsa mizu yakeyake, bakiteriya n'kulowera momwemo ngati kuti simunachitepo kanthu. Mfundoyo ikhale pamwamba pa nthaka nyengo yonse.

Kubwereka jini kwa chomera china

Tsabola ali ndi jini lotchedwa Bs2, lochokera kwa tsabola wakutchire wa ku South America, limene limazindikira Xanthomonas. Tomato ndi tsabola ndi pachibale, koma sakwatirana. Mungu wa wina sugwira pa mnzake. Mu 1999 gulu la Brian Staskawicz ku University of California ku Berkeley linapatula jinili n'kulilowetsa mu tomato kudzera m'labotale. Bungwe la 2Blades Foundation linathandiza kuti mbewuzi ziyesedwe m'minda ku Florida kwa zaka zingapo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2012: tomato wa Bs2, wosapoperedwa kopa, anadwala pang'ono kuposa mitundu ina yonse imene anayerekezedwa nayo, ndipo pamene matenda anali ochuluka anabereka zipatso zogulitsika zoposa kawiri za m'bale wake wopanda jinilo.

Kuti mumvetse kukula kwa nkhaniyi, kumbukirani kuti ku Florida mabakiteriyawa anasiya kumva mankhwala a streptomycin m'zaka za m'ma 1960, ndipo pofika mu 1983 zinali zitadziwika kuti kopa nayenso sakuwagwira. Alimi amapoperabe, kopa akuunjikana m'nthaka, phindu lili lochepa.

Jini lina ndi EFR, lochokera ku kachomera kotchedwa Arabidopsis, kam'banja la kabichi, mpiru ndi repu. Zomera za banja limenelo zimanunkhiza puloteni ina imene mabakiteriya ambiri ali nayo yochuluka ndipo sangakhale popanda iyo. Mu 2010 gulu la Cyril Zipfel ku Sainsbury Laboratory ku Norwich, ku England, linasonyeza kuti tomato akapatsidwa EFR amalimbako kwa mabakiteriya a mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo Ralstonia. Pambuyo pake anayesa kuphatikiza EFR ndi Bs2 m'chomera chimodzi m'minda ya ku Florida, ndipo kufota ndi mawanga zonse zinachepa. Palinso Roq1, lochokera kwa m'bale wa fodya wa ku Australia, Nicotiana benthamiana, limene linapezeka kuti limagwira Xanthomonas, Pseudomonas ndi Ralstonia yemwe.

Pa matenda a mawanga, ine ndikuona kuti palibe njira ina imene yasonyeza mphamvu ngati imeneyi. Komabe sizikutanthauza kuti Bs2 ndi losathyoka. M'minda ya tsabola mabakiteriya analithyola kale, n'chifukwa chake akatswiri amafuna kuunjika majini awiri kapena atatu pamodzi. Ndipo chachikulu n'chakuti mbewuyi simungaigule, kaya muli ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Miami komwe. Kupititsa mbewu ya GMO (yolowetsedwa jini lachilendo m'labotale) m'mayeso a boma kumadya ndalama zambiri, msika wa njere za tomato ndi wogawikana m'mitundu mazanamazana, ndipo ogulitsa amaopa ogula. Amakumbukira Flavr Savr, tomato woyamba wa GMO amene anafika pamsika ku America mu 1994 n'kuzimiririka pofika 1997. Tomato wa mtundu wa pepo wa gulu la Cathie Martin wa ku John Innes Centre ku England anayamba kugulitsidwa njere zake ku America mu 2024, koma ameneyo anasinthidwa mtundu ndi michere, osati chitetezo.

Kwathu kuno malamulo alipo ndipo si ofanana. Malawi ili ndi lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa majini kuyambira mu 2002, ndipo inalola thonje la GMO lotchedwa Bt kulimidwa. Zambia, chaka chomwecho cha 2002, pansi pa Levy Mwanawasa, inakana chimanga cha GMO chathandizo pa nthawi ya njala, ndipo yakhala yosamala kwambiri pa nkhanizi. Amene amagulitsa tomato modutsa malire a Mchinji angafunike kuganizira zimenezo tsiku limene mbewu yotere idzafike.

Kukonza jini limene lilipo kale

CRISPR ndi lumo la m'labotale lodula DNA pamalo amene mwasankha. Apa simubweretsa jini lachilendo. Mumathimitsa kapena kusintha la tomato mwiniwake, makamaka lija limene mdani amaligwiritsa ntchito ngati khomo. Ku Madrid, gulu la Roberto Solano linasintha jini la JAZ2 mu 2019. Tsamba likamva bakiteriya limatseka timabowo take topumira, koma Pseudomonas amatulutsa poizoni wotchedwa coronatine wotsegulanso timabowoto mokakamiza. Tomato wosinthidwayo samvera poizoniyo, ndipo timakomo timakhalabe totseka. Ku Berkeley, mu 2021, anathimitsa jini la DMR6-1, limene ntchito yake ndi kuphwanya asidi wa salicylic, m'bale wa asipirini, amene chomera chimagwiritsa ntchito ngati mfuu yochenjeza. Mfuuyo ikamamveka nthawi yaitali, chomera chimalimbako ku mabakiteriya angapo ngakhalenso ku nkhungu zina.

Chitetezo chotere nthawi zambiri chimachepetsa matenda, sichiwathetseratu, ndipo chomera chokhala tcheru nthawi zonse chikhoza kulipira ndi kakulidwe, choncho mayeso a m'munda ndi ofunika kuposa zithunzi za m'labotale. Mwayi wake uli pa malamulo: mayiko angapo saika mbewu zotere m'gulu la GMO ngati mulibe DNA yachilendo. Japan inayamba kugulitsa tomato wokonzedwa ndi CRISPR, Sicilian Rouge High GABA, mu 2021, ngakhale kuti naye si wa matenda. Nigeria, Kenya ndi Malawi ali m'gulu la mayiko oyambirira mu Africa kulemba ndondomeko zoyendetsera njirayi. Koma lero lino, mlimi alibe paketi yoti agule.

Ndiye titani ndi dimba lomwe lafota chaka chino? Tambula ikaonetsa utsi uja, ine ndingayambe ndi kupumitsa malowo ndi chimanga kapena nyemba kwa zaka zitatu kapena zinayi ngati malo ena alipo, osati ndi mbatatesi kapena fodya, ndi kuonetsetsa kuti madzi othirira sakudutsa m'munda wodwala wa kumtunda. Ngati malo ndi omwewo basi, monga zilili ndi madimba ambiri a m'mbali mwa mitsinje, mbewu yopirira ndiyo yotsika mtengo poyamba, ndipo kumezanitsa ndiko kolimba. Gulu la alimi khumi litaphunzitsa anthu awiri a manja odekha, kachisakasa kamodzi kangakwanire onse. Ngati vuto ndi mawanga a pamasamba, mizu siikuthandizani, ndipo mbewu zamphamvu zikadali m'malabotale: chotsala ndi njere zoyera, kuthirira pansi osati pamasamba, ndi kusalowa m'munda mame asanaume.

Clavibacter ndiye wakana onse. Chitetezo china chinapezeka mwa abale akutchire monga Solanum arcanum ndi Solanum habrochaites, koma n'chomwazikana m'majini ambiri ndipo palibe mbewu yamalonda imene ingatchedwe yotetezeka kwenikweni. Kwa amene amasunga njere zawo, monga za Rodade, chida chilipo n'chakale: kuviika njere m'madzi otentha madigiri 50 kwa mphindi 25, kenako kuziziziritsa m'madzi ozizira n'kuziyanika pamthunzi. Pamafunika choyezera kutentha chenicheni, osati chala. Madzi akapitirira pang'ono njere zimapsa, akachepera bakiteriya amapulumuka, ndipo njere zogula zokutidwa kale ndi mankhwala amtundu siziyenera kuviikidwa.